Omvera Athu

Agogo anga aamuna anali ndi wailesi ya mtundu wa Nzeru, imene ankaisunga m'kathumba kansalu kosokedwa ndi agogo aakazi, ndipo mabatire ake akayamba kufooka ankawayanika padzuwa tsiku lonse pokhulupirira kuti mphamvu ibwereramo pang'ono. Dzuwa likapendeka ankaikhazika pakhonde, ife adzukulu n'kukhala pamphasa, ndipo muulutsi akangotsegula pakamwa ankatipatsa tonse dzina limodzi, kuyambira agogo mpaka mwana wakumsana: "omvera athu". Dzinali silinkandidabwitsa, popeza wailesi imayankhula ndipo anthu amamvera. Panapita zaka zambiri ndisanazindikire kuti mawu omwewo ndinkakumana nawonso kusukulu, pamene tinkaima pamzere n'kumaloweza ngodya zinayi zimene ankati dziko la Malawi lamangidwapo: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Kumvera kwa pakhonde kunali kutchera khutu, kumvera kwa pamzere kunali kuchita zimene wauzidwa popanda kufunsa, koma m'dziko limene linali ndi wailesi imodzi yokha ya MBC, lopanda wailesi yakanema yakeyake mpaka mu 1999, kumvera kuwiriku kunkagona m'nyumba imodzi.

Chichewa chili ndi chuma chambiri pa mawu akuti kumva. Timamva mawu, timamva fungo, timamva kuwawa, timamva chisoni, ndipo matenda akakanika timati ndi osamva mankhwala. Anthu awiri akathetsa mkangano timati amvana, wophunzira akagwira mutu wa nkhani timati wamvetsa, ndipo mwana wamwano timamutcha wosamva ngakhale makutu ake ali bwinobwino. Ine ndimaona kuti mbiri ya nyimbo ndi ndale m'dziko muno, kuchokera mu 1964 mpaka lero, ndi kulimbirana matanthauzo amenewa. Olamula amafuna omvera amene amagonja, pamene oimba, akakhala oimba enieni, amalera omvera amene amamvetsa, ndipo mbali zonse ziwiri zimalowera pakhomo limodzi lomwelo, lomwe ndi khutu.

Si Achewa okha amene anamanga khutu ndi kugonjera pa mtolo umodzi. Mawu a Chingerezi otanthauza kugonjera lamulo anachokera ku mawu a Chilatini akuti oboedire, amene m'kati mwake muli audire, kutanthauza kumva. Dr. Hastings Kamuzu Banda sakanadabwa ndi zimenezi, chifukwa ndiye anatsegula sukulu ya Kamuzu Academy ku Mtunthama m'boma la Kasungu mu 1981, kumene ophunzira onse ankayenera kuphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Pakati pa Agiriki akalewo panali Plato wa ku Athens, amene m'buku lake la Republic anachenjeza alonda a mzinda kuti asamalole mayimbidwe atsopano kulowa mwachisawawa, pakuti mayimbidwe akasintha, malamulo akuluakulu a dziko nawonso amagwedezeka. Iye anafika ponena kuti mumzinda wabwino muzingololedwa nyimbo zotamanda milungu ndi zoyamikira anthu abwino, ndipo alakatuli ena onse aperekezedwe mwaulemu mpaka kunja kwa chipata. Plato ndimamuvomereza pa mfundo yoyamba, yoti nyimbo si zoseweretsa ndipo zimafika kumene lamulo silifika. Pa mfundo yachiwiri sindimuvomereza, chifukwa funso limene analidutsa mofulumira ndilo lalikulu: kodi amene amasankha kuti anthu abwino oyenera kuimbiridwa ndi ati ndani? Nthawi zonse wosankhayo amapezeka kuti wadziika yekha pamwamba pa mndandanda. Chodabwitsa n'chakuti mphunzitsi wa Plato yemweyo, Socrates, anaphedwa ndi mzinda wa Athens mu 399 Yesu asanabadwe pa mlandu wokhudza zimene achinyamata ankamva kwa iye.

Kuno kwathu alonda a mzinda anapatsidwa mphamvu ndi lamulo la mu 1968 loyang'anira mabuku ndi zisangalalo, limene linakhazikitsa bungwe lounika mabuku, zisudzo, mafilimu ndi nyimbo anthu asanazione kapena kuzimva. Akuluakulu amene ankaonera mafilimu mu Blantyre m'zaka zimenezo amasimba za mmene chithunzi chinkadumphira mwadzidzidzi mwamuna ndi mkazi akangoyandikizana nkhope, anthu m'holo n'kuseka chifukwa aliyense ankadziwa chimene lumo ladya. Mu 1973 kunabweranso lamulo la kavalidwe loletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi. Koma nkhani imene imandiphunzitsa zambiri ndi ya nyimbo ya "Cecilia" ya Simon ndi Garfunkel, oimba a ku America, imene inatuluka mu 1970 ndipo kuno inaletsedwa. Mu nyimboyo mwamuna akudandaula za mkazi wa dzina limenelo amene akumuzunza mtima, ndipo Malawi yense ankadziwa kuti Mama Cecilia Tamanda Kadzamira ndiye ankayenda pambali pa Ngwazi. Oimba aja analibe nkhani ndi Malawi ngakhale pang'ono. Tanthauzo landale linaikidwamo ndi woletsayo, ndipo pochita zimenezo anaphunzitsa dziko lonse kuti nyimbo iliyonse ikhoza kukhala ndi chipinda cham'kati. Mphunzitsi wamkulu wa kumvetsera mochenjera m'dziko muno anali bwana wa lumo yemweyo, ngakhale kuti iye sanafune ntchito imeneyo.

Nyimbo zimene boma linkazikonda zinali za Mbumba, amayi ovala nsalu za nkhope ya Kamuzu amene ankatengedwa pa malole kukavina kulikonse kumene Nkhoswe Nambala Wani ankapita. Agogo anga aakazi anavinako kangapo. Nditakula ndinawafunsa ngati ankaimba nyimbo zija kuchokera pansi pa mtima, ndipo anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. "Iwe mdzukulu wanga," anatero, "pakamwa pankaimba, miyendo inkavina, koma mtima unali kumunda kumene udzu unali kumera." Atapuma pang'ono anawonjezera kuti ulendo wa pa lole unkawasangalatsa, kuti kumeneko ndi kumene anaonera tauni koyamba, ndiponso kuti ng'oma ikalira bwino thupi silifunsa kuti mawu ake akutamanda yani. Mayankho awiriwa sindinawayanjanitse mpaka lero, ndipo ndasiya kuyesa, chifukwa onse ndi oona. Amene amalemba za nthawi imeneyo ngati kuti amayi onse ankavina akulira m'kati amalakwitsa mofanana ndi amene amati onse ankavina mwa chikondi chokhachokha.

Amayi amenewa sanaphunzire luso la mawu apawiri kwa andale. Analitenga pamtondo. Mkazi amene mwamuna wake amamwera ndalama za fodya, kapena mtengwa amene apongozi ake samuyamikira, ankatha kuimba dandaulo lake posinja, mudzi wonse ukumva, popanda kutchula dzina la munthu. Wolakwayo ankamva, anansi ankamvetsa, koma panalibe mlandu woti n'kupita nawo kubwalo, pakuti wodandaula kuti waimbidwa ndiye akanadziulula yekha. Gule wamkulu nayenso wakhala akuseka azungu, amishoni, aulesi ndi odzikuza kuseri kwa chigoba, ndipo chilombo sichiimbidwa mlandu. Choncho pamene kunafika nthawi yoti dzina la munthu mmodzi lisatchulidwe molakwika, Amalawi anali kale ndi chida m'manja. Jack Mapanje anatulutsa buku la ndakatulo la Of Chameleons and Gods mu 1981, ndipo nanzikambe wa m'dzina la bukulo ankanena zonse za mmene wolemba ayenera kusinthira maonekedwe kuti apulumuke. Ngakhale zinali choncho sanapulumuke: anamangidwa mu 1987 ali mkulu wa gawo la Chingerezi ku Chancellor College, nakhala kundende ya Mikuyu osazengedwa mlandu mpaka mu 1991.

Ndatchula za Mikuyu dala, chifukwa pali chizolowezi chimene chikukula pakati pa anzanga ophunzira, chonena kuti luso linali lakuya m'nthawi ya chipani chimodzi popeza olemba ankakakamizika kuphiphiritsa. Mwina mu mawu amenewa muli kachoonadi, koma mtengo wake sankalipira ndi amene akulankhulawa. Mu Meyi 1983 omvera a wailesi anauzidwa kuti nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, afa pa ngozi ya galimoto ku Mwanza. Anthu ambiri anamva ndi kumvetsa tsiku lomwelo kuti sinali ngozi, koma kumvetsa kwawoko sikunadzutse wakufa ndipo sikunatsegule pakamwa pa wina aliyense kwa zaka khumi. Khutu lakuthwa lopanda lilime lomasuka ndi mtolo wolemera, ndipo sindingaufunire mwana wanga.

Filimu imene inandithandiza kuganiza za zimenezi si ya kuno ayi. Ndi ya ku Germany, yotchedwa The Lives of Others, imene inatuluka mu 2006 ndipo chaka chotsatira inapata mphoto ya Oscar. Nkhani yake ikuchitikira ku East Berlin mu 1984, kumene kapitawo wa apolisi achinsinsi a Stasi wapatsidwa ntchito yobisala m'chipinda cha pansi pa denga, zomvetsera zili m'makutu, kuti azilemba chilichonse chimene wolemba zisudzo wina ndi bwenzi lake akulankhula m'nyumba mwawo. Munthuyu ndi womvera m'matanthauzo onse awiri, ndipo poyamba matanthauzowo akugwirizana bwinobwino: akumvetsera chifukwa akumvera mabwana ake. Koma masiku akamapita, atamva anthu aja akukondana, akukangana, akulira mnzawo amene wadzipha, ndiponso atamva nyimbo ya piyano ikuimbidwa pansi pakepo, kumvetsera kuja kukuyamba kudya kumvera. Akuyamba kulemba malipoti abodza pofuna kuwateteza. Ena anaidzudzula filimuyi ponena kuti Stasi yeniyeni inkayang'anirana yokhayokha kotero kuti kapitawo mmodzi sakanatha kuchita zimenezo, ndipo mwina akunena zoona. Komabe mfundo yake ndimaikhulupirira: n'kovuta kutchera khutu kwa munthu kwa nthawi yaitali osayamba kumumvera chisoni. Pamenepa Chichewa chathu chinafika kale filimuyo isanajambulidwe, chifukwa kwa ife chisoni nachonso chimamvedwa.

Si woimba aliyense amene anasankha njira ya nanzikambe. Ku Nigeria, Fela Kuti anaimba nyimbo ya "Zombie" yofanizira asilikali ndi mitembo yoyenda imene imachita zokhazo zimene yalamulidwa, ndipo palibe amene anafunika womasulira. Mu Febuluwale 1977 asilikali pafupifupi 1,000 anazinga ndi kutentha mudzi wake wa Kalakuta ku Lagos, naponya mayi ake, Funmilayo Ransome-Kuti, kuchokera pa zenera la m'mwamba, ndipo mayiwo anamwalira chaka chotsatira. Nyimbo yonyoza kumvera kwaumbuli inayankhidwa ndi anthu omvera malamulo, ndipo mwa kutero iwo anaichitira umboni.

Kuno mawu osaphiphiritsa anayamba kumveka pa 8 Malichi 1992, pamene kalata ya maepiskopi a Chikatolika inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse. Ndi bwino kukumbukira kuti ambiri sanaiwerenge kalatayo ndi maso awo. Anaimva, atakhala pa mabenchi Lamulungu m'mawa, m'chilankhulo chawo, ndipo zimene anamvazo sizinali zachilendo: malipiro ochepa, zipatala zopanda zipangizo, anthu omangidwa popanda mlandu, mantha olankhula. Chachilendo chinali kuzimva mokweza, mnzako ali pambali pako akumvanso. Boma linati kalatayo ndi youkira, koma mawu omveka sabwereranso m'kamwa. Pa 14 Juni 1993 pa riferendamu, ovota oposa 60 mwa 100 alionse anasankha nyali ya zipani zambiri m'malo mwa tambala wakuda wa chipani chimodzi, ndipo pa 17 Meyi 1994 Bakili Muluzi anapambana chisankho. M'chaka chomwecho cha 1994 mnyamata wa ku Balaka, Lucius Banda, amene anakulira mu Alleluya Band pansi pa mkulu wake Paul, anatulutsa chimbale cha Son of a Poor Man, mmene munali nyimbo ya "Mabala" yonena za zilonda zimene ulamuliro wakale unasiya. Amene anali wamkulu msinkhu nthawi imeneyo amakumbukira mmene makaseti ake ankalirira m'maminibasi, anthu n'kukhala chete ngati ali m'tchalitchi. Dzina lake loti Soja sanapatsidwe ndi boma lililonse. Anamupatsa ndi amphawi.

Tinkaganiza kuti lumo lapita ndi mwini wake, koma mu Novembala 2001 Evison Matafale wa ku Chileka, amene anayambitsa gulu la Black Missionaries, anamwalira ali m'manja mwa apolisi atamangidwa chifukwa cha kalata yodzudzula boma la Muluzi. Anali atangotulutsa zimbale ziwiri zokha za Kuimba, ndipo akuluakulu ananena kale kuti ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika. Imfa imeneyi inachitika patatha zaka zisanu ndi ziwiri za demokalase, pansi pa malamulo atsopano amene amalonjeza ufulu wolankhula, ndipo chaka ndi chaka khamu limasonkhana ku Chileka kukamukumbukira. Patapita zaka zina nyimbo za Lucius Banda nazonso zinaleka kumveka pa wailesi ya boma mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika. Komabe ndikanena zoona, lumo si ndilo lakhala mdani wamkulu wa nyimbo m'zaka makumi atatu zapitazi. Mdani wamkulu wakhala envulopu.

Pano ndiyenera kulankhula mosamala, chifukwa kudzudzula woimba wanjala n'kosavuta kwa munthu amene ali ndi malipiro a pamwezi. Makaseti atatha ndipo ma CD atayamba kukoperedwa pa msika uliwonse, kenako nyimbo zikwizikwi n'kumalowetsedwa m'kamemore khadi kamodzi pa mtengo wa mandasi ochepa, woimba wa ku Malawi anatsala ndi njira zochepa zopezera chakudya, ngakhale kuti bungwe la COSOMA lakhala likutolera ndalama za umwini kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Nyengo ya kampeni ikafika, wandale amabwera ndi ndalama zimene zoimbaimba za chaka chathunthu sizingabweretse. Chisankho cha 2009 chisanachitike Joseph Nkasa anaimba "Mose wa Lero" poyamikira Bingu, ndipo sindikhulupirira kuti anthu amene anaivina anapusitsidwa, pakuti makuponi a feteleza amene anayamba mu 2005 anali atabweretsadi chimanga m'nkhokwe zambiri, ndipo Bingu anapambana ndi mavoti pafupifupi magawo awiri mwa atatu. Vuto ndi lakuti nyimbo imakhalitsa kuposa nyengo imene inaibala. Pa 20 Julayi 2011, mafuta atasowa ndipo ndalama zakunja zitauma, anthu pafupifupi 20 anaphedwa pa zionetsero, ndipo Mose uja anali akadali m'makaseti ndi m'mafoni, akuolotsabe anthu pa nyanja.

Kusiyana kwa lumo ndi envulopu ndimakuona motere. Lumo limasiya mpata, monga chithunzi chija chinkadumpha m'holo ya filimu anthu n'kuseka, ndipo mpatawo umauza woonera kuti pano pachotsedwa kanthu. Envulopu sisiya mpata uliwonse. Nyimbo imatuluka yathunthu, yokoma, yovinika, ndipo palibe amene angaloze vesi limene silinalembedwe chifukwa wolembayo anali atadya kale. N'chifukwa chake moyo wa Lucius Banda umandivuta kuuweruza, ndipo sindifuna kuupeputsa. Anakhala phungu wa Balaka North mu 2004 kudzera m'chipani cha UDF, anakalowa kundende ya Zomba mu 2006, anabwereranso ku Nyumba ya Malamulo mu 2014, ndipo pamene ankamwalira ku South Africa pa 30 Juni 2024 anali mlangizi wa Pulezidenti Lazarus Chakwera pa za achinyamata ndi luso. Ena amati Soja akalowa m'nyumba ya mfumu mfuti yake imachita dzimbiri. Ena amati munthu sangaimbe za mabala zaka makumi atatu osafuna kugwira yekha bandeji. Ine ndinamulira ngati mbale wanga, ndipo ndimavomerezabe kuti nyimbo zake zimene zidzakhalitse ndi zimene anaimba alibe mpando.

Omvera nawo anapeza yankho lawo pa envulopu. Ku Zambia, pa chisankho cha 2011 chimene Michael Sata anapambana, nyimbo ya Dandy Krazy ya "Donchi Kubeba" inafalitsa uthenga woti munthu alandire mphatso za chipani cholamula, akhale chete, akavotere amene akumufuna. Kuno sitinafunike kuphunzitsidwa zimenezo. Azakhali anga ali ndi nsalu yachikasu, yabuluu ndi yaolenji m'sutikesi imodzi, zonse anazivinira, zonse amaberekera adzukulu, ndipo amene anamuvotera amamudziwa ndi iwo okha ndi Mulungu wawo. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa mphatso pokopa mavoti, koma aliyense amene anapitako ku msonkhano wa kampeni akudziwa mmene lamulolo limapumira. Kuchenjera kumeneku ndimakusirira, chifukwa ndi mdzukulu wa nyimbo ya pamtondo, koma kumandidetsanso nkhawa. Wandale akudziwa kuti ovinawo sakumukhulupirira, ovinawo akudziwa kuti iye akudziwa, woimba akudziwa zonse ziwiri, ndipo bwalo lonse ladzaza ndi phokoso limene palibe akulimvetsera. Pamtondo dandaulo linkabisika kuti lifike kwa mwini wake. Pa msonkhano wa lero palibe chimene chikupita kwa wina aliyense.

Apa ndi pamene ndimakumbukira gawo lina la filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, imene Chiwetel Ejiofor anajambula kuno ku Malawi n'kuitulutsa mu 2019, yosimba za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu pa njala ya 2001 ndi 2002. Ambiri a ife tinatanganidwa ndi kuseka katchulidwe ka Chichewa ka ochita sewero ochokera kunja, ndipo inenso ndinasekako, koma gawo limene linanditsalira ndi la msonkhano wa pulezidenti. Kuli nyimbo, kuli kuvina, kuli kuwomba m'manja, kenako mfumu ya m'deralo ikupatsidwa mpata wolankhula, ndipo m'malo mongoyamika ikunena mwaulemu kuti njala ikubwera ndipo boma likonzekere. Akuichotsa pa nsanja n'kukaimenya kuseri. Mfumuyo sinatukwane munthu ndipo sinaphiphiritse kanthu. Inangoyesa kutembenuza njira ya mawu, kuti kamodzi kokha wolankhula wa masiku onse akhale womvera.

Pa mwambo wathu zimenezo siziyenera kukhala zachilendo. Pabwalo la milandu mfumu yodziwa ntchito yake imakhala chete nthawi yaitali, odandaula alankhule, oyankha alankhule, ankhoswe ndi nduna alankhule, ndipo iyo imatsegula pakamwa pomaliza kuti imange zimene yamva. Ulemu wake umachokera pa kuleza kwa khutu lake. Tikamanena za umunthu timakonda kutchula mwambi wakuti kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu, koma anthu awiri amene mmodzi yekha ndiye amalankhula sanafikebe pa kukhala awiri. Makolo ananenanso kuti wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mwambi umenewu sunapatule mafumu. Ngodya ija ya kumvera imene tinkaloweza pamzere inatenga mawu a makolo n'kudula theka lake, inasunga kumvera kokwera kuchokera pansi kupita pamwamba n'kutaya kumvera kotsika. Maboma onse amene abwera pambuyo pake, a mitundu yonse ya nsalu za m'sutikesi ya azakhali, alandira theka lodulidwalo mosangalala.

Masiku ano wailesi zachuluka, aliyense ali ndi foni, ndipo munthu wa ku Nsanje akhoza kudzudzula nduna pa Facebook nduna isanadye kadzutsa. Zabwino zake zilipo ndipo sindizinyoza: mu 2020 Giddes Chalamanda, mkulu wobadwa mu 1930, anaimbanso nyimbo zake zakale ndi Patience Namadingo, ndipo patapita nthawi mawu ake anazungulira dziko lonse lapansi kudzera pa TikTok, osapempha chilolezo kwa bwana wa lumo kapena wa envulopu. Koma lamulo la mu 2016 la za pa intaneti lagwiritsidwapo kale ntchito kumanga anthu chifukwa cha zimene analemba pa WhatsApp ndi pa Facebook zokhudza atsogoleri, kusonyeza kuti kapitawo wa pansi pa denga uja akadalipo, wangosintha zomvetsera. Ndipo pakati pa ife eni, aliyense tsopano ndi muulutsi. Ndikatsegula foni m'mawa ndimapeza anthu zikwi akuyankhula nthawi imodzi, ndipo ndimadzifunsa kuti omvera athu aja anapita kuti.

Sabata yatha ndinali kwa mlongo wanga, ndipo mwana wake wamkazi wa zaka 16 anali atakhala pakhonde, tizingwe tili m'makutu, mutu ukugwedezeka. Mayi ake anamuitana katatu ali kukhitchini, kenako anatulukira pakhomo n'kundiuza kuti, "Achimwene, mwana uyu ndi wosamva." Ndinamukodola mwanayo n'kumufunsa chimene chamugwira chotere, ndipo iye anachotsa kachingwe kamodzi n'kundipatsa. Anali mnyamata wina amene dzina lake sindinalimvepo, akuthamangitsa mawu mu Chichewa cha m'tauni chosakanikirana, ndipo pa ulendo woyamba ndinangotolapo mawu awiri okha, shuga ndi mzere wa mafuta. "Amalume, simunamve," anatero mwanayo, nabwezera nyimboyo poyambira. Anaibwezera kachitatu, akuimitsa pa mzere uliwonse n'kumandimasulira kuti galimoto yakuda imene ikutchulidwayo ndi ya yani ndipo chifukwa chiyani woimbayo sanatchule dzina. Tili m'kati mwa vesi lachiwiri, fungo la nyemba zopserera linatipeza pakhondepo, ndipo mlongo wanga anatiitana tonse awiri.